Dzimbiri la M'denga

9 Epulo

Alamu,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino pamodzi ndi ana ndi zidzukulu. Kuno ndilipo. Kuntchito ndinabwerera, miyendo ikuyenda.

Munandifunsa pamaliro kuti mng'ono wanu anayamba bwanji, ndipo sindinakuyankheni bwino chifukwa panali anthu. Pafoni mawu sanditulukanso, ndiye ndati ndilembe.

Loweruka lija linali ngati Loweruka lililonse. Ndinapita m'mawa kosindikiza mabuku kuja, ndinadula mapepala a makope mpaka masana, n'kuweruka. Nditafika ndinawapeza m'kachipinda kawo kosokera, akupinda m'mphepete mwa katani yobiriwira ya kasitomala wina. M'tsitsi mwawo munali ulusi wa kangaude. Ndinauchotsa ndi zala. Anati amasesa pamwamba pa kabati ya zovala. Ndinakasamba, ndipo nditatuluka anandifunsa kuti, "Madzi anali bwanji?" Ndinati, "Amakhala bwanji? Giza imeneyi sinandichititsepo manyazi." Anaseka pang'ono, singano ili pamlomo. Madzulo tinakhala pakhonde, iwo akuchotsa nkhupakupa m'makutu mwa galu, ine ndikupukuta nsapato. Tinakangana pang'ono za babu la pakhonde lomwe ndinakhala ndikulonjeza kusintha. Basi, tsiku linali limenelo. Lamlungu m'mawa anati mutu. Lachiwiri anatisiya.

Za zovala zomwe munapempha sindinaiwale. Koma ndalakwitsa chinthu, ndipo kuli bwino mumve kwa ine. Ndinkafuna zifike kwa inu zochapa. Dzulo ndinanyika mabulauzi awo oyera anayi m'beseni ndi madzi otentha a kumpope, n'kupita kukagula buledi. Babu la m'bafa ndi lofooka, mtundu wa madziwo sindinauone. Pobwera ndinapeza mabulauzi ali m'madzi ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Ndinathamangira mankhwala oyeretsera zovala, koma m'malo mochoka, madonthowo anangokhazikika.

Ndayesa mipope yonse. Madzi ozizira akutuluka oyera bwinobwino. Otentha okha ndi amene afiira, ndipo akumveka kafungo ka dzira lowola. Ndiye kuti vuto lili m'giza, thanki yotenthetsa madzi ija ya m'denga. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi sinavutepo ngakhale tsiku limodzi, inunso ndinu mboni. Yadikira miyezi itatu chichokereni mwini nyumba.

Mundipatse masiku pang'ono. Ndiuzeni za bondo lanu, ndiponso ngati denga la khola munalikonza mvula isanathe.

Ndine mlamu wanu.

20 Epulo

Alamu,

Tadzuka. Bondo lilipo, silipita kulikonse. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo pa nkhupakupa paja ndinalira, chifukwa kuyambira ali mwana sankatha kukhala manja ali chete.

Ndiye mfumukazi yadwala? Giza ija yomwe munkandionetsa ndisanakhale n'komwe pansi, chikwama chidakali m'manja, mukuti, "Alamu, tatsegulani mpopewo mumve"? Pepani kwambiri. Ife kuno madzi athu amakhala a mtundu umenewo nyengo yonse ya mvula, ndipo sitilembera munthu kalata. Timangodikira matope akhale pansi pa ndowa, n'kusamba.

Mankhwala oyeretsera aja pa dzimbiri ndi adani, mwana wa sitandade 4 amadziwa. Finyirani mandimu pamadonthopo, thirani mchere, yanikani padzuwa la masana. Zikakanika tumizani momwemo. Ndipo zotsalazo musachape, chonde. Ndikufuna zifike zikununkhira iye, osati sopo wanu. Juzi yabuluu ija ikhale pamwamba, kuzizira kwayandikira.

Za gizayo musavutike kuyendayenda. Tsegulani kabati ya pansi pa sinki, muyang'ane kuseri kwa chitseko chake. Pali nambala yolembedwa ndi pensulo. Imbani, munthuyo akudziwa chochita.

Mukudya? Musandiuze kuti buledi.

Mlamu wanu wa ndowa.

2 Meyi

Alamu,

Moni nonse kumeneko. Ine ndili bwino m'thupi.

Nambala ndinaipeza pomwe munanena, ndi dzanja la mng'ono wanu. Dzina sanalembe, anangoti "wa mipope". Ndinaimba Lachinayi, anabwera Loweruka masana pa njinga yakapalasa, chikwama cha zitsulo kumbuyo. Ndi bambo wa msinkhu wanga kapena kucheperako pang'ono, wamfupi, wa imvi m'ndevu, malaya ositidwa bwino.

Galu wathu mukumudziwa. Wowerenga mita amaima kunja mpaka ndimumange. Munthu uyu anatsegula geti yekha, akudziwa kuti imafuna kunyamula kaye isanakankhidwe, ndipo galu anagona chagada kuti amukande pamimba.

"Ndinu bambo a nyumba ino," anatero. "Takumana lero. Amisiri ali kuti?"

"Amisiri ake ati?"

"Mayi. Ine ndimawatchula Amisiri. Auzeni kuti ndabwera ndi ndodo yawo. Ndachedwa nayo, andikalipira lero."

Ndinamuuza. Anaika chikwama pansi, anavula chipewa, n'kukhala pa sitepe ya kukhitchini, malo omwe mng'ono wanu ankakhala posenda mbatata. Analira. Sinali misozi ya ulemu yomwe munthu amatulutsa pamaliro a mnansi. Mapewa ankachita kugwedezeka. Ine amene ndinakhala nawo zaka makumi atatu ndi chimodzi ndinangoimirira pambali, ngati ndine ndabwera kudzamupepesa.

Atatha analowa m'khitchini osafunsa njira, anatenga kapu yachitsulo ya kumapeto kwa shelefu, n'kumwa madzi. Kapu imeneyo ndakhala ndikuiona zaka zonsezi, ndinkayesa ndi yoyezera mpunga. Kenako analunjika ku kachipinda kosokera.

"Mukupita kuti?" ndinafunsa.

"Kukaona wodwala."

"Lero ayi."

"Bambo, madzi akafiira chonchi ndiye kuti ndodo ya mkati yatha, dzimbiri layamba kudya thanki yeniyeniyo. Mukachedwa idzabooka, siling'i idzagwera pa makina a mayi."

"Ndati lero ayi."

Anandiyang'ana, anavala chipewa. Ali pa geti anatembenuka n'kufunsa kuti, "Anavutika?" Galu anamuperekeza mpaka pamsewu.

Alamu, giza yomwe sinavutepo imadziwana bwanji ndi wa mipope? Munthu yemwe sindinamuonepo ali ndi kapu yake m'nyumba mwanga, ali ndi dzina lake lowaitanira akazi anga, ndipo amabwera Loweruka, tsiku lomwe ine ndimakhala kuntchito mpaka masana. Inu muli kutali, koma nambala yake mumadziwa pomwe ili. Sindikunena kanthu za malemu. Ndikungofunsa. Ndiuzeni zomwe mukudziwa.

Mlamu wanu.

4 Meyi

Alamu,

Moni ndikupatsani chifukwa ndinaleredwa bwino. Kalata yanga simunayankhe, zovala sizinafike, koma nkhani yafika.

Mkazi wa aphunzitsi a kuno anali m'tauni sabata yatha kukaona mwana wake, ndipo anadutsa pamsewu wanu. Akuti anaona mayi wina wojintcha, wovala duku lachikasu, akuyanika mabulauzi oyera pa chingwe chanu, mapegi ali kukamwa ngati kwawo. Akuti anatulukira khomo la kukhitchini.

Miyezi inayi sinakwane, alamu. Ngati mwapeza wokuphikirani, ndi moyo wanu, ine si wapolisi. Koma zovala za mng'ono wanga sizikhala zoyesa thupi la munthu wina. Ndiye nkhani ya dzimbiri ija inali yoona, kapena munkafuna nthawi yoti asankhepo zomukwana? Wojintcha choncho sizimukwana n'komwe, angong'amba mabatani.

Ndikufuna zovalazo pa basi ya Lachisanu, ndipo juzi yabuluu ndiiwerenga mabatani ake.

Ine mkulu wake wa mkazi wanu, ngati mukumukumbukira.

15 Meyi

Alamu,

Ndikhulupirira muli bwino. Makalata athu anaphonyana m'njira, ndipo pofika pano yanga ya pa 2 ili m'manja mwanu.

Mayi wa duku lachikasu ndi mnansi wathu wa kuseri kwa mpanda, amene anakuphikirani tiyi pamaliro, inu n'kumuuza kuti shuga wachepa. Amuna ake alipo, ndi amene anathyola mandimu. Ndinamupempha athandize pa mabulauzi aja monga munalangizira. Atatu ayera. Limodzi lakana.

Funso langa likudikirabe. Giza ndinaithimitsa, ndikutenthetsa madzi m'poto. Ndikuuzani zomwe ndachita ngakhale zikundichititsa manyazi. Ndafufuza m'zikwama zawo zonse, m'matumba a majuzi, pansi pa nsalu za makasitomala. Ndapeza maswiti a chifuwa, matikiti a basi, batani la malaya anga. Kuntchito ndinadula molakwika mapepala a tsiku lonse, chinthu chomwe sindinachitepo. Ndinali ndikuwerenga m'mutu ma Loweruka a zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Abwana sanandikalipire, anangoti ndikapume, zomwe zinandiwawa kuposa kukalipidwa.

Zovala sizichoka m'nyumba muno ndisanadziwe kuti munthu amene ankazivala ndinkamudziwa kapena ayi. Si mwano. Ndikazitumiza lero, ndatumiza zonse zomwe ndingafunseko.

Mlamu wanu.

6 Juni

Alamu,

Tili bwino, kuzizira ndiye kwafika, juzi ayi.

Makalata anu onse awiri ndinalandira kalekale. Ndinachedwa dala. Ndinati muvutikeko masabata atatu, chifukwa munthu woganizira mng'ono wanga zoterozo ali m'manda masabata atatu ndi ochepa. Za mayi wa duku ndavomera, ndinathamanga. Koma shuga anali wochepadi.

Mukufunsa zomwe ndikudziwa. Ndikudziwa zambiri, ndipo ndakhala ndikuzidziwa kuyambira kale. Mukanafunsa mwiniwake akanakuuzani, koma inu kufunsa munayamba liti? Munkalowa, kudya, kusamba, kupukuta nsapato. Mwamuna wabwino, sindikukana. Wosamwa, wosamenya, wosayenda. Wosafunsanso.

Ine sindikuuzani. Lowani m'kachipinda kosokera, musunthe nsalu zopindidwa za kuseri kwa chitseko. Pali makwerero. Muyang'ane m'mwamba. Tengani tochi, mupondenso bwino, sindikufuna maliro ena chaka chino. Mukatsika mumuitane wa mipope uja, mumupatse mpando, mumupepese.

Mukatero munditumizire juzi.

Mlamu wanu.

18 Juni

Alamu,

Moni kwa nonse. Ndinakwera.

M'kachipinda kaja ndinkangoima pakhomo zaka zonsezi. Sindinadziwe kuti m'siling'i mwake muli kachitseko. M'mwambamo muli matabwa awiri oyalidwa pamitanda kuchokera pa kachitseko mpaka pa giza, osalala chifukwa cha mawondo. Pafupi ndi giza pali kampando kathabwa, kotchingidwa ndi chidutswa cha katani yathu yakale. Pali sipanala yopachikidwa pa msomali. Pali paipi yapulasitiki yotulukira kuseri kwa nyumba, pamene pali maluwa aja omwe ankakula kuposa anzake ine n'kumati ndi dothi. Pathupi pa giza pali masiku olembedwa ndi pensulo, mizere mizere, miyezi itatu iliyonse. Ndinawerenga ndinapeza 73. Lomaliza ndi Loweruka lija.

Wa mipope ndinamuitana. Ndinamupatsa mpando, anakana, anakhala pa sitepe pomwe paja. Kupepesa ndinayamba koma anandidula.

"Zisiyeni, bambo. Inenso galu wanga akanagonera mlendo ndikanafunsa."

Akuti giza ndinaigula yakale, ngakhale wogulitsa anaipaka penti. Isanathe chaka inatulutsa madzi ofiira Loweruka lina m'mawa, ndipo mng'ono wanu anamupeza iyeyu akukonza mpope kwa anansi. Anawauza kuti ndi nkhalamba, ikufunika kuthimitsa magetsi, kutseka madzi olowa, kukhuthula matope onse miyezi itatu iliyonse, komanso kusintha zaka ziwiri zilizonse ndodo yachitsulo chofewa yomwe imadyedwa ndi dzimbiri m'malo mwa thanki.

"Anandiuza kuti, 'Abambo asamve. Chinthuchi anabwera nacho pa ngolo atavala tayi, akuyenda pambali ngati akuperekeza nduna. Ndiphunzitseni ine.' Ndinawaphunzitsa kamodzi kokha. Ulendo wachiwiri anandikonza ine kagwiridwe ka sipanala. Ndi pomwe panachokera dzina la Amisiri."

"Munabwera kangati?"

"Pa ndodo pokha. Kakhumi, mwina. Kapu ija anaipatula chifukwa manja anga amasiya girizi."

"Kakhumi munthu salira chomwe chija."

Anakanda galu. Kenako anati, "Mkazi wanga atamwalira, anthu ankandipatsa moni wachisoni n'kuthawa. Mayi anandikhazika pano maola awiri, giza ikukhuthuka, ine ndikukamba za malemuyo. Sananene chanzeru chilichonse. Anangomvetsera."

Alamu, ndinkayesa kuti ndikamva kuti panalibe choipa mtima ukhala pansi. Sunakhale. Maola awiri amenewo ndinawasirira ngati munthu wanjala. Makutu amenewo anali m'nyumba mwanga zaka makumi atatu, ine ndikupukuta nsapato.

Akukwera makwerero anaseka yekha. "Mukudziwa dzina lomwe ankaitchula gizayi? Mkazi mnzanga. Ndikafika ankati, 'Tiyeni mukamuone mkazi mnzanga, ndi amene amatamandidwa pakhomo pano. Mlendo akabwera abambo amati taonani giza yanga, sinadwalepo. Ine sanandionetsepo kwa munthu.' Ankanena akuseka."

"Akuseka," ndinatero.

"Eya. Nthawi zambiri."

Thanki akuti yapita, pansi payamba kale kunyowa. Tiika ina.

Pali chinanso. Pansi pa kampando panali chitini cha mabisiketi. Muli magalasi awo akale, cholembera, mapepala, ndi makalata anu, ambiri, omangidwa ndi ulusi. Ndinatsegula imodzi. Mzere woyamba munalemba kuti, "Ngati salankhula musiye, wanga ankalankhula kwambiri ndipo unaona pomwe zinathera." Ndinatseka. Ndiye kuti podikira madzi akhuthuke ankakhala pamenepo kulembera inu, ndipo ankalemba za ine. Mayankho ali kuno, koma mawu awo ali kwa inu. Wa mipope ali ndi nthabwala zawo, inu muli ndi makalata awo, ine ndili ndi zovala. Ndikupemphani, nditumizireni makalatawo. Ndidzabweza.

Mlamu wanu.

1 Julayi

Alamu,

Tadzuka bwino. Mdzukulu wamng'ono wamera dzino.

Makalatawo ayi. Musakwiye, mvetserani.

Inu munali naye patebulo, pakhonde, m'chipinda, zaka makumi atatu ndi chimodzi. Ine munandilanda ali ndi zaka makumi awiri, tikufunda bulangete limodzi. Chomwe ndinatsala nacho ndi makalata anayi pa chaka, ena onunkha fumbi la m'denga. Tsopano mukufuna amenewonso? Mwakhuta kale, alamu, siyani mbale ya wina.

Ndiulule zanganso, poti tayamba. Ndinkamuchitira nsanje mng'ono wanga. Nyumba ya siling'i, mwamuna wobwera kunyumba dzuwa lisanalowe, madzi otentha otuluka pakhoma. Tsiku lomwe anandilembera kuti giza yanu ndi nkhalamba yopakidwa penti ndinasangalala mpaka ndinapha nkhuku. Mukamandionetsa mpope uja ndinkaluma lilime kuti ndisaseke, iye akundiponda phazi pansi pa tebulo.

Koma chimodzi ndikuuzani, chifukwa ndi chanu kuposa changa. Chaka chachitatu kapena chachinayi cha gizayo, munaweruka msanga Loweruka lina, makina atawonongeka kuntchito. Iye anali adakali m'denga. Giza anali ataidzaza kale, madzi atatentha, akungomaliza kalata. Anakumvani mukuitana kawiri, kenako mukulowa m'bafa, pansi pake penipeni. Munayesa wapita kumsika. Ndiye munayamba kuyimba. Akuti nyimbo za kusukulu, za pawailesi, zina zopeka nokha, mawu onse, mpaka kumaimba mbali ya akazi. Analemba m'kalata yomweyo, zilembo zikugwedezeka ndi kuseka, kuti, "Achemwali, ndakwatiwa zaka khumi ndi zisanu, lero ndi pomwe ndadziwa kuti mwamuna wanga amayimba."

Kuyambira pamenepo, ma Loweruka ena ankachedwa dala kutsika. Mukatseka mpope ankatsika msanga, kutulukira khomo la kuseri, n'kulowera kutsogolo ndi basiketi. Ndinamuuza kuti, iwe chitsiru, muuze. Anati akadziwa asiya.

Kalata imeneyo inandipsetsa mtima tsiku lonse. Wanga malemu sindinabisalepo kuti ndimumve. Ndinkabisala kuti asandipeze.

Ndiye munthu amene ankavala zovalazo ndi ameneyo. Kumudziwa kapena kusamudziwa, muweruze nokha. Kuno kukuzizira.

Mlamu wanu.

20 Julayi

Alamu,

Ndikhulupirira nonse muli bwino, ndi wa dzino latsopanoyo. Ndachedwa kuyankha. Kalata yanu ndinaiwerenga ndili chiimire pa geti, ndipo masiku angapo sindinathe kugwira cholembera.

Giza yatsopano inaikidwa Loweruka lapitalo. Yakale tinaitsitsa ndi zingwe, ine pansi wa mipope pamwamba. Anafunsa ngati ndikufuna adule mbali ya masiku aja ndisunge. Ndinati ayi, ipite yonse. Madzi akutuluka oyera. Wandionetsa kakhuthulidwe kake, ndipo akuti dzanja langa ndi lolemera, Amisiri ankamva ndi zala pomwe nati ya paipi yakwanira kumanga. Anamwera kapu yake ija. Ndinayang'ana kumbali mpaka anamaliza.

Makalata awo musanditumizire, mwanena zoona. Ndikanawawerenga ndikanakuchitirani nsanje kuposa pano, ndipo pano yakwana kale.

Katundu akubwera pa basi ya Lachisanu, ndalankhula ndi dalaivala. Zikwama ziwiri za zovala, zosachapa monga munanenera. Juzi ili pamwamba, mabatani ndi asanu ndi limodzi. Nsapato zili m'thumba lapadera. Mabulauzi onse anayi alimo, la madontho lija ndalipinda pansi penipeni, muchite nalo zomwe mungafune. Makina osokera ndawakulunga m'bulangete, auzeni ana anyamule awiri, chogwirira chake n'chomasuka. Katani yobiriwira inamalizidwa ndi mayi wa duku, mwiniwake anadzatenga. Chitini cha makalata anu chili m'chikwama chachikulu. Ulusi ndinamanganso momwe unalili, sindinawerenge ina. Sipanala ndinafuna kumubwezera mwini wake, wa mipope uja, anakana, akuti anapereka kale. Ili pa msomali wake.

Chimodzi chokha sindinatumize. Kampando kaja ndakatsitsa m'denga. Ndakaika m'bafa, mkati, pafupi ndi chitseko.

Kuyimba sindinayambe.

Ndine mlamu wanu.